Mwana wa Mmphawi ndi Makaseti a ku Balaka

Anzathu a ku America ali ndi mtundu wa nyimbo umene amautcha alternative rock. Mawuwa sanena kwenikweni za kaliridwe ka gitala ayi, koma za njira imene nyimbo yadzera kuti ifike m'makutu a anthu. Ndiwo mayimbidwe a anyamata amene nyumba zikuluzikulu za wailesi ndi makampani a zimbale ankawanyoza, iwo nkumangoyimba m'malo omwera mowa ndi pa timawailesi ta ophunzira a m'makoleji, kufikira tsiku lina anthu wamba atawakonda kopambana aja otchuka kale. Chitsanzo chimene onse amachitchula ndicho chimbale cha Nevermind cha gulu la Nirvana, chimene chinatuluka mu Seputembala 1991, ndipo pofika Januwale 1992 chinali chitachotsa chimbale cha Michael Jackson pa mpando woyamba wa zimbale zogulidwa koposa m'dzikomo. Kuyambira pamenepo panabuka mkangano umene sunazirale mpaka lero: kodi munthu amene anatchuka chifukwa chokana za akuluakulu, akalemera nako kukanako, akadali wokana?

Ine ndifuna kunena m'nkhani ino kuti nafenso Amalawi tinakhala nacho chimbale chotere, ngakhale kuti sichinali cha rock. Ndicho Son of a Poor Man cha malemu Lucius Banda, chimene chinajambulidwa ku Johannesburg ndi kufalikira m'dziko muno mu 1994. Ndikamba monga munthu wa ku Manjawira, pa msewu wa Zalewa. Boma lathu ndi Ntcheu inde, koma tauni yathu ndi Balaka: ndiko kuli sitima, ndiko kuli msika waukulu, ndiko timakagula malata ndi zitsulo za njinga. Tsono chimene chinaphikidwa ku Balaka, ife tinali mwa oyamba kumva fungo lake.

Poyamba tidzifunse chifukwa chake rock sinamere m'nthaka yathu, pamene kwa anansi athu ku Zambia inamera nibala. Kumeneko m'zaka za m'ma 1970 kunali magulu onga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family, anyamata a tsitsi lanyankhalala ndi mathalauzi otambalala kumiyendo, oliza magitala mwaukali potsanzira Jimi Hendrix. Chimbale cha WITCH chotchedwa Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975, ndipo Day of Judgement cha Ngozi Family mu 1976. Paul Ngozi ankayimbanso m'Chinyanja chimene ife timachimva bwino lomwe. Anyamatawa anali ndi zinthu ziwiri zimene anzawo kuno analibe. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda mbale za galamafoni, ndiponso Pulezidenti Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi ya dzikolo zikhale za eni dziko.

Kuno kwathu wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo ya kanema sinafike mpaka 1999. Fakitale ya mbale kunalibe. Woyimba akafuna kumveka ankapita ku MBC kukajambulidwa pa matepi a wailesiyo, matepiwo nkutsala komweko, iye nkubwerera kumudzi ndi dzina ndi kangachepe m'thumba. Pamwamba pa izi panali lamulo la 1968 limene linakhazikitsa bungwe lopima mabuku, mafilimu ndi nyimbo, bungwe limene akuluakulu a msonkhano wathu uno wa alembi akulidziwa bwino koposa ine. Ngakhale nyimbo ya Cecilia ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chifukwa cha dzina lokha. Mwamuna wa tsitsi lalitali anali wolakwira lamulo, ndipo alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege. Nanga rock yometedwa mpala, yopanda mwano, yopanda pojambulira, ikanakhala rock yanji? Gulu la Kalimba linayesetsa. Linakajambula Make Friends with the World ku South Africa kumayambiriro a zaka za m'ma 1980, ndipo nyimbo yawo ya Sometimes I Wonder inamveka mpaka pa BBC. Koma izo zinali nyimbo zaulemu, zovinidwa m'mahotela a mu Blantyre, zosapsetsa mtima munthu aliyense wa ku chipani.

Mpata umene boma linaiwala kutseka unali m'tchalitchi. Mu 1978, pa parishi ya Akatolika ya Balaka, Paul Banda ndi anzake anayambitsa Alleluya Band, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, wansembe wa ku Italy wa gulu la Montfort. Nyimbo zawo zinali za Mulungu, ndipo mneneri Amosi kapena Yeremiya simungamtengere ku bungwe lopima nyimbo. Munthu ankatha kuyimba za olemera opondereza amphawi, akafunsidwa nkungoloza ndime ya m'Baibulo. Chovala chimene anaveka mawu oterewa chinali reggae, imene inali itatchuka m'chigawo chino cha Africa makamaka Bob Marley atayimba pa bwalo la Rufaro pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu 1980, ndipo kenaka Lucky Dube atatulutsa Slave mu 1987 ndi Prisoner mu 1989. Reggae inali ndi mwayi pa rock: inkayenda pang'onopang'ono monga nyimbo ya kwaya, mawu ake nkumveka lililonse, ndipo inkatchula Babulo ndi Ziyoni, mayina amene agogo athu anawaloweza kale ku sukulu za mishoni.

Chachiwiri chimene boma silinathe kuchilonda ndi kaseti. Mbale ya galamafoni imafuna fakitale. Kaseti imangofuna wailesi ya makomo awiri ndi mabatire asanu ndi limodzi. Amene ankachokera ku migodi ya ku Joni, ntchito ya TEBA isanaimitsidwe mu 1988, ankafika ndi mawailesi oterewa paphewa, ndipo pofika kumapeto a zaka zimenezo panalibe malo a malonda m'mbali mwa msewu opanda golosale yoliza kaseti pakhonde. Nyimbo inapeza njira yochokera kwa woyimba kufika kwa womvera osadzera ku Chichiri.

Kenaka chinafika chaka cha 1992. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, yonena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene anatseka pakamwa mtundu wonse. Kalatayo inadindidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo patangopita masiku owerengeka nyumba ya makinawo inayatsidwa moto. Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko. Chakufwa Chihana anamangidwa potsika ndege pa 6 Epulo. Ndikukumbutsa zodziwika kalezi pa chifukwa chimodzi: makina amene anadinda kalata ija ndi bandi imene inalera Lucius Banda zinali m'tauni imodzi, m'manja mwa ansembe a gulu limodzi. Mnyamatayo sanachite kuwerenga za motowo m'nyuzi.

Lucius anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka komweko, ndipo anayamba kuyimba pambali pa mkulu wake Paul ali ndi zaka 13. Mu 1993, chaka cha riferendamu, anapita ku Johannesburg kukaphunzira za nyimbo pa Dorkay House, nyumba yakale ya mu msewu wa Eloff imene inadutsamo anthu onga Hugh Masekela ndi Miriam Makeba. Ali komweko anajambula chimbale chake choyamba mu situdiyo ya Shandel, mothandizidwa ndi George Arigone wa ku Argentina, ndipo mmodzi wa amayi ovomera nyimbozo anali Deborah Fraser, amene pambuyo pake anadzatchuka ndi nyimbo zauzimu ku South Africa. M'chimbalemo munali nyimbo zonga Get Up Stand Up, dzina lobwereka kwa a Wailers, Life on Earth, Linda, ndi imene inanyamula zonsezo pamsana, Mabala.

Makutu athu anayamba azindikira kuyera kwake. Tinazolowera makaseti ojambulidwa m'zipinda wamba, olira ngati mvula pa malata. Iyi inkamveka ngati ya Lucky Dube, besi yolemera, ng'oma zoyera, amayi ovomera mwadongosolo, koma pakati pake pali mwana wa pa Sosola pomwepa akulankhula Chichewa chathu. Zimenezi zokha zikanakwanira kugulitsa kasetiyo. Koma chimene chinaimitsa anthu panjira chinali Mabala, pakuti inkanena za zilonda zimene ulamuliro wa chipani chimodzi unasiya pa anthu, ndipo inkazinena mosazungulira, mosabisala kuseri kwa Farao kapena Herode.

Kuti mumvetse m'mene tinailandirira, muyenera kudziwa kuti boma la Ntcheu linali ndi ovulaza ndi ovulazidwa omwe, nthawi zina m'banja limodzi. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani amene dzina lake linkanjenjemeretsa anthu, anali wa ku Ntcheu, ndipo anadzanyongedwa mu 1977 ndi boma lomwelo limene ankalitumikira. Focus Gwede, mkulu wa apolisi a zachinsinsi amene anaweruzidwa naye limodzi nakhala zaka zambiri m'ndende, analinso wa kwathu. Sam Mpasu, amene anatsekeredwa ku Mikuyu mu 1975 chifukwa cha kabuku kake ka Nobody's Friend, wa kwathunso. A Mboni za Yehova amene anathawa nkhanza za 1972 ambiri anawolokera ku Mozambique kudzera m'malire a boma lathu, cha ku Mlangeni. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene dziko lonse linasankha zipani zambiri ndi mavoti 63 pa 100 alionse, Ntcheu inavotera nyali ngakhale ili m'chigawo chapakati, kumene maboma ambiri anagwiritsitsa tambala wakuda. Anthu a kwathu anali nazo zambiri m'mimba. Chimene analibe ndi chizolowezi chozitulutsa.

Ndikukumbukira golosale ina pa Manjawira imene mwini wake, bambo wachikulire, anakhalapo tcheyamani wa nthambi ya chipani, wotolera mazira ndi ndalama za mphatso ya Ngwazi. Masabata oyamba, kaseti ikafika pa Mabala, bamboyo ankatambasula dzanja nkuchepetsa mawu a wailesi, maso ali kumsewu, ngakhale kunalibe amene ankabwera. Anyamata a bawo pakhonde ankamseka, koma naonso ankayamba acheuka asanaseke. Patapita miyezi iwiri kapena itatu, bambo yemweyo ndiye ankabweza tepi ndi bolopeni, posunga mabatire, kuti nyimboyo ilirenso. Sanafotokozepo chifukwa chake, ndipo panalibe anamfunsa. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mandasi kwa a pa basi ankayimba nawo osaleka kuwerenga chenji. Tsiku lina gogo wina, amene mwana wake anatengedwa usiku zaka zambiri m'mbuyomo osabweranso, anaima chiimire ndi dengu lake pamutu kufikira nyimbo itatha, kenaka anatchula dzina la mwanayo mokweza, kamodzi kokha, napitirira ulendo wake. Dzinalo ambiri a ife tinali tisanalimvepo likutchulidwa masana.

Pano ndiyenera kuyankha anzanga ena a pa sukulu pano, amene amati Lucius anakuwa mkango utaguluka kale mano. Iwo amati kulimba mtima kunali kwa Jack Mapanje, amene anasindikiza Of Chameleons and Gods mu 1981 nakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu, kapena kwa maepiskopi aja, osati kwa mnyamata amene anajambula nyimbo zake ali kunja riferendamu itachitika kale. Za masiku akunena zoona. Koma amene amalankhula chotere amayesa kuti mantha amatha ndi chilengezo cha pa wailesi. Apayoniya sanalandidwe mfuti mpaka Disembala 1993, pamene asilikali anachita Operation Bwezani, ndipo ambiri anathawira nazo ku Mozambique, kumene kwa ife ndi kuseri kwa phiri. Chisankho sichinachitike mpaka pa 17 Meyi 1994, ndipo m'midzi munali ambiri okhulupirira kuti tambala akapambana adzabwera ndi kaundula wa onse ovotera nyali. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Ndakatulo za Mapanje zinali za ife odziwa Chingerezi ndi odziwa kumasulira mitundu ya bilimankhwe, ndipo zinachita ntchito yake pa nthawi imene kulankhula mosabisa kunali imfa. Koma gogo wa dengu uja sakanaziwerenga. Iye anafunika kumva munthu wina akunena chinthucho m'chinenero chake, pa mkuzamawu, pamsika, dzuwa likuswa mtengo, nkuona kuti mawa lake golosaleyo yatsegulidwanso ndipo mwini wake akadalipo.

Tikumbukirenso kuti dziko lino silinakhale ndi bwalo la choonadi longa limene Desmond Tutu anatsogolera ku South Africa. Boma la Muluzi linakhazikitsa kafukufuku wa imfa za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Kamuzu ndi John Tembo anapezeka osalakwa. Panabweranso bungwe lopereka chipepeso, limene ambiri anafa akudikira ndalama zake. Awo anali mayina anayi a nduna ndi phungu. Anthu wamba osawerengeka analibe woweruza wowamvera, kotero kuti maliro awo analiridwa m'mabasi ndi m'magolosale, kaseti ikulira.

Za malonda ake nzosavuta kuziona, pakuti zinasintha msika wonse. Chaka cha 1994 sichinali cha ndalama: chilala cha 1992 chinali chisanaiwalike, ndipo mu Febuluwale boma linalekerera kwacha kuti idzipezere yokha mtengo, katundu nkukwera sabata ndi sabata. Komabe anthu anagula, ndipo amene sanathe kugula anajambulitsa kwa mnzawo, kaseti imodzi nkubala khumi, iliyonse yolira mofooka kuposa make. Amalonda anaona kuti Mmalawi angathe kutulutsa ndalama chifukwa cha nyimbo ya Mmalawi mnzake, osati ya ku Zaire kapena ku Zimbabwe yokha. Sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inasanduka chipata chimene woyimba aliyense ankadzerapo, ndipo situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe inasandutsa Balaka likulu la nyimbo m'dziko muno. Lucius anatsatiza Down Babylon mu 1995 ndi Cease Fire mu 1996, nayambitsa Zembani Band mu 1997. M'mapazi mwake munadutsa Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku, Paul Chaphuka, Coss Chiwalo ndi ena ambiri. Nyimbo imene inayamba ngati ya kuseri inakhala ndiyo ya pabwalo.

Kupambanaku kunali ndi mtengo wake, ndipo apa ndigwirizana ndi odandaula. Kayimbidwe ka Balaka katagwira msika, aliyense anafuna kiyibodi yomweyo, ng'oma za makina zomwezo, kugunda komweko, kotero kuti pofika kumapeto a zaka za m'ma 1990 munthu ankatha kukwera minibasi pa Manjawira mpaka ku Blantyre, makaseti atatu nkusinthidwa, iye osazindikira kuti woyimba wasintha. Banjo ya Allan Namoko, amene anamwalira mu 1995, ndi gitala ya abale a Kachamba a ku Chileka zinayamba kuoneka ngati za agogo, pamene akatswiri a kunja ankaziona kuti ndizo chuma chathu chenicheni. Ngakhale ingoma ya kwathu ku Ntcheu, imene ili ndi mphamvu yokwanira kugwedeza situdiyo iliyonse, sinapeze malo m'makasetiwo. Kunenanso za amphawi kunasanduka malonda: woyimba aliyense anayenera kukhala ndi nyimbo imodzi ya mwana wamasiye ndi ina yodzudzula mabwana, kaya zikumupweteka kaya ayi.

Tsono lija funso la ku America linafikanso kwathu. Lucius, amene anthu anamtcha Soja, anadzudzula boma la Muluzi m'zimbale zotsatira, koma kenaka anayimbira UDF nyimbo ya Yellow, ndipo mu 2004 anasankhidwa phungu wa kumpoto kwa Balaka pa tikiti ya chipanicho. Pa golosale za kwathu mkangano unali woopsa. Ena ankati mapanga awiri avumbwitsa, woyimbira amphawi sangakhale m'nyumba ya malamulo nkumalandira malipiro a phungu. Ena ankati mwana wa mmphawi akapeza mpando nchifukwa chiyani timamchitira kaduka, pamene ana a olemera amakhalapo osafunsidwa? Mu 2005 iye ndiye anapereka ku nyumbayo ndondomeko yochotsera pulezidenti pa udindo, Bingu wa Mutharika atakangana ndi UDF. Chaka chotsatira anapezeka wolakwa pa mlandu wa setifiketi ya sukulu yachinyengo, nataya mpando wake, nakhala miyezi ingapo m'ndende ya Zomba; m'menemo ndimo munachokera chimbale cha Cell 51 Maximum. Otsutsa ake anati waulula khalidwe lake. Omukonda anati mlanduwo unafukulidwa chifukwa cha ndale. Ine ndiganiza kuti mbali zonse ziwiri zinali ndi choonadi chake, ndipo chodabwitsa nchakuti onsewo ankagulabe makaseti ake.

M'nthawi ya Bingu yomweyo MBC inaleka kuulutsa nyimbo zake, koma pamenepo mawailesi anali atachuluka, ndipo anyamata a pamsika anali atayamba kudzaza nyimbo m'mafoni pa mtengo wa botolo la fanta. Zimenezi ndizo zinadzapha malonda a kaseti ndi kutseketsa masitolo ake. Lucius anabwereranso ku nyumba ya malamulo mu 2014, ndipo kuyambira 2020 anali mlangizi wa Pulezidenti Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Anamwalira ku Johannesburg pa 30 Juni 2024 atadwala impso nthawi yaitali, mu mzinda womwewo umene anajambuliramo Son of a Poor Man, ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka.